Msomali Wadzimbiri Sufuna Mphamvu

Kuno ku Furancungo tili ndi khalidwe loipa. Tikaona msomali wadzimbiri pa bokosi lakale, timathamangira hamala. Timakoka mwamphamvu. Thabwa limang'aluka. Kenaka timati, "Linali lofumbwa kale." Limeneli ndi bodza. Taliswa ndife.

Mabokosi amenewa anabwera ndi agogo athu pocokera ku nchito ku Rhodesia. Pa nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinathawira ku Malawi. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera, ndipo tinapeza nyumba zambiri zitapsa. Bokosi limene linapulumuka moto, lero tiliwononge ndife ndi hamala?

Ena amati alibe nthawi. Fodya timamudikira miyezi. Usiku umodzi wokha watikanika?

Tidontheze palafini pang'ono pa msomali, tidikire mpaka m'mawa. Tiike kathabwa kopyapyala pansi pa pulayala kuti isadinde bokosi. Tigwedeze msomaliwo pang'onopang'ono, tiukoke motsata m'mene unalowera. Mutu wake ukaduka, tisakumbe ndi mpeni. Tiusiye momwemo, tikhome wina pambali pake.