Mwana Sabadwa ndi Ngongole ya Adam

Asilamu a kuno ku Chitedze, ku Mpingu, ku Namitete mpaka ku Nsaru ndi Kabudula ndife ochepa pakati pa Akhristu ochuluka. Timagula nawo pamsika umodzi, timapepesana pamaliro, ndipo ana athu amaphunzira nawo m'kalasi imodzi. Zimenezi n'zabwino, pakuti Chisilamu chimatilamula kulemekeza mnansi. Koma kukhalira limodzi kumeneku kukuchititsa kuti ana athu azimva kawirikawiri, pawailesi, pamaliro ndi pamisonkhano ya chitsitsimutso, chiphunzitso chomwe ndi tsinde la Chikhristu: chakuti munthu aliyense amabadwa ali wochimwa chifukwa cha kulakwa kwa Adam, ndipo sangayere pokhapokha ndi mwazi wa Yesu. Mwana wa Chisilamu akauzidwa kuti ndi wotayika chibadwire, n'kukafunsa kunyumba, kholo n'kusowa choyankha, chikaiko chimamera mumtima mwake. Tiyenera kuyankha, ndipo tiyankhe modziwa.

Tiyambe ndi kunena molungama zomwe anzathuwa amakhulupirira. A CCAP a Sinodi ya Nkhoma, omwe adachokera ku mishoni ya Dutch Reformed yomwe idayambira ku Mvera mu 1889, amatsata chiphunzitso cha katekisimu wa ku Heidelberg wa 1563, chakuti chilengedwe cha munthu chidavunda pa kugwa kwa makolo oyamba. Akatolika a ku Likuni, Namitete ndi Nambuma amatsata zomwe msonkhano wa ku Trent udakhazikitsa mu 1546, kuti tchimo la Adam limafika kwa aliyense kudzera m'kubadwa ndipo limachotsedwa ndi ubatizo. Onsewa amatsamira pa kalata ya Paulo kwa Aroma, mutu 5. Koma amene adachikhwimitsa chiphunzitsochi ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Mkhristu mnzake, Pelagius, adamutsutsa, ndipo mkanganowo udakagamulidwa pa msonkhano wa ku Carthage mu 418, patadutsa zaka pafupifupi 400 chichokere Isa mwana wa Mariam, mtendere ukhale pa iye. Mpaka lero mipingo ya Orthodox imanena kuti kwa Adam tidatengako imfa ndi kufooka, osati mlandu. Ayuda, omwe adayamba kale kuwerenga nkhani ya Adam m'buku la Genesis, saphunzitsa za tchimo lobadwa nalo.

Poyesera chiphunzitsochi ndi pamanda a khanda. Augustine sadathawe mathero a ganizo lake: adati khanda lomwalira lisanabatizidwe nalonso liri pa chilango, ngakhale chopepuka koposa. Mitima ya Akhristu eni ake idakana kumeza zimenezi. Kwa zaka mazana ambiri akatswiri a Chikatolika ankanena za malo ena apakati, Limbo, osakhala kumwamba, osakhala kumoto. Mu 2007, bungwe la akatswiri a zaumulungu ku Vatican, movomerezedwa ndi Papa Benedict XVI, lidalengeza kuti pali zifukwa zoyembekezera kuti makanda oterewa amapulumuka. Chiyembekezochi n'choyamikika, koma chikuulula vuto: ngati khanda lingalandiridwe popanda kuchotsedwa mlandu ndi ubatizo, mlanduwo udali wotani? Ife tikamaswalira janaza ya mwana sitimupemphera chikhululuko monga timachitira ndi wamkulu. Timapempha Allah kuti amuchite kukhala wotsogola ndi nkhokwe ya malipiro kwa makolo ake. Mayi wofedwa ku Nsaru amabwerera kunyumba ndi chisoni, koma alibe nkhawa ya komwe mwana wake wapita.

Qur'an yolemekezeka siibisa kuti Adam, mtendere ukhale pa iye, adalakwa. Surah Al-A'raf ikufotokoza kuti iye ndi mayi Hawa adanyengedwa ndi Satana onse awiri, ndipo onse awiri adavomereza kuti adzichitira okha zoipa napempha chifundo. Surah Al-Baqara ndime 37 ikutiuza kuti Allah adalandira kulapa kwake. Mlandu udathera pomwepo. Padalibe chotsala choti chigwere ana. Lamulo lake labwerezedwa mu Surah Al-An'am ndime 164, Fatir ndime 18 ndi An-Najm ndime 38: munthu sasenzetsedwa mtolo wa machimo a mnzake. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adaphunzitsa m'hadith ya Bukhari ndi Muslim kuti mwana aliyense amabadwa pa fitra, chilengedwe choyera chozindikira Mlengi. Amene ali ndi Buku Lopatulika atsegule Ezekieli mutu 18, apeza zomwezo: mwana sadzasenza mphulupulu za atate ake.

Mkhristu woganiza bwino adzatifunsa kuti: ngati munthu amabadwa woyera, nanga kuba, ziphuphu ndi kuphana zadzaziranji dziko? Funsoli n'lolemera, ndipo sitilipeputsa. Chisilamu sichinena kuti munthu ndi mngelo. Surah Yusuf ndime 53 ikuchenjeza kuti mtima umakokera ku zoipa, ndipo Satana ndi mdani wosagona. Koma kufooka ndi kwina, mlandu ndi wina. Chomera chija chotchedwa chitedze chimayabwa amene wachikhudza. Tonse tili ndi khungu loti lingayabwidwe, koma mdzukulu sadzikanda chifukwa agogo ake adadutsa m'thengo la chitedze iye asanabadwe.

Adzatinso: Mulungu ndi wolungama, tchimo liyenera kulipidwa, ndipo ngakhale pabwalo la mfumu atsibweni amatha kupereka mbuzi ya chindapusa m'malo mwa mphwawo. N'zoona, mbuzi angapereke wina, chifukwa ndi chuma. Koma ndi mfumu iti yomwe ingamange munthu wosalakwa n'kumasula wopha mnzake, anthu n'kuitcha yolungama? Ndipo mwini ngongole akanena kuti ndakukhululukira, amayamba wafuna wina woti amulipire? Kukhululuka komwe kumadikira malipiro kwasanduka kubweza ngongole. M'fanizo la mwana wolowerera lomwe lili mu Luka mutu 15, atate adamulandira mwana wawo atangobwerera ndi kulapa, ndipo mwana wa ng'ombe adaphedwa wa phwando, osati wa dipo. Isa timamukonda ndi kumulemekeza monga mmodzi mwa atumiki akuluakulu, ndipo Surah An-Nisa ndime 157 ikutiuza kuti sadaphedwe kapena kupachikidwa. Ulemu wake sudalira mtanda.

Pali chinenezo china chomwe timachimva, chakuti Asilamu amafuna kugula Jannah ndi ntchito zawo. Ili ndi bodza. Mtumiki adanena poyera kuti palibe amene ntchito zake zokha zidzamulowetse ku Jannah, ngakhale iye mwini, pokhapokha Allah atamuphimba ndi chifundo chake. Ifenso tikufunika chipulumutso. Kusiyana kwake n'kwakuti timachipempha mwachindunji kwa Mwini chifundo, popanda mkhalapakati ndi popanda mwazi, ndipo Surah Az-Zumar ndime 53 ikuletsa ngakhale wochimwitsitsa kutaya mtima.

Komabe, Asilamu anzanga, tisasangalale ndi kupambana mtsutso. Chiphunzitso chathu ndi cholemera kuposa momwe timachitengera. Ngati sitidatengere tchimo kwa Adam, ndiye kuti tilibe womuloza chala. Tchimo lililonse lomwe tili nalo ndi lathu, tidalitola tokha. Ma ulama adafotokoza kuti kulapa koona kumafuna kusiya tchimo, kumva chisoni nalo, kutsimikiza kusabwererako, ndipo ngati walakwira munthu, kumubwezera chake. Wogula soya ndi mtedza pa sikelo yobera sangayere ndi istighfar yapakamwa mlimi asanabwezeredwe makilo ake. Woika zinyalala pakati pa belo la fodya, wolanda munda wa ana amasiye, wodya ndalama za mzikiti, palibe amene adawafera. Adzaimirira okha pa Tsiku la Kiyama. Mkhristu akaona Msilamu wachinyengo pamsika, maumboni athu onse amasanduka mphepo.

Choncho makolo, musasiyire ntchitoyi aphunzitsi a madrasa okha. Mwana adziwe nkhani ya Adam mpaka kumapeto kwake, pomwe pali chikhululuko. Adziwe kuti adabadwa woyera, kuti akalakwa khomo la kulapa ndi lotsegula, ndi kuti ali ndi Mbuye womumva popanda womuperekeza. Mumuphunzitsenso kuyankha mwaulemu, pakuti Surah Al-Ankabut ndime 46 ikutiletsa kutsutsana ndi anthu a Buku kupatula m'njira yabwino koposa. Mnansi amene tatsutsana naye masana ndi yemweyo adzabwera kudzatikhuza maliro usiku. Allah atikhululukire zolakwa zathu ndi kutilimbitsa pa choonadi, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.