Doko la agogo anga lilibe chikwangwani

Mukafika pa Mangochi boma n'kulunjika ku mlatho wa Bakili Muluzi, mbiri imakuchingamirani yokha. Pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pomwepo pali mfuti ya m'sitima yankhondo ya Gwendolen, ija inawombera sitima ya Ajeremani mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zonsezi zisamalidwe ndithu. Koma kodi madzi a Mangochi anayamba kukhala ndi mbiri tsiku limene mzungu anafika?

Harry Johnston pomanga linga lake m'mphepete mwa Shire mu 1891 sanangolota malowo. Tsidya linalo kunali mudzi wa Mfumu Mponda, pamene amalonda a minyanga ndi akapolo ankawolokera. Doko ndilo linaitana linga. Chonsecho ambiri tinamaliza Fomu 4 tikudziwa dzina la Fort Johnston, koma osatha kuloza pamene makolo athu ankawolokera, ena goli lili m'khosi.

Tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi kwathu m'mbali mwa nyanja. Doko limene agogo anga ankakocheza bwato lili kuseri kwa mpanda wa njerwa wa loji ina. Mathandala oyanikira usipa anazulidwa. Mlonda wa pageti, mwana wa m'mudzi momwemo, anandifunsa ngati ndinabukitsa. Sindinamukwiyire, ali pantchito. Ndinakwiyira tonsefe amene tinalola kuti malo otere agulitsidwe ngati mchenga wamba.

Ena mudzati doko si chipilala chifukwa palibe chomangidwa. Mwalakwitsa. Doko limasankhidwa ndi anthu odziwa pamene mwera sufika ndi ukali wake wonse, pamene bwato lingakokedwe osasweka. Mipanda ya bango yotsekera nsomba m'mitsinje, mono wolukidwa ndi manja, bwato losemedwa ku mtengo umodzi, zonsezi ndi uinjiniya. Kusiyana kwake n'kwakuti njerwa imadikira zaka 100, pamene bango limawola msanga. Chomangidwa ndi bango chimasungika pokhapokha eni ake akamaloledwa kuchimanganso. Mukawatsekera njira ya kumadzi, mwagwetsa chipilala popanda kugwira nyundo.

Ena mudzati maloji amabweretsa ntchito. Zoona, ndipo anzanga ena fizi yawo imachokera komweko. Koma loji ingathe kumangidwa n'kusiya njira ndi doko. Chiyambire 1984, UNESCO imawerengera Lake Malawi National Park pa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Ngati mbuna zinapezeredwa chitetezo, doko la msodzi likulephereka pati?

Pempho langa ku khonsolo ya Mangochi ndi ku nthambi ya boma yosunga zakale ndi lakuti madoko akale alembedwe, mayina ake ndi malire ake, mafumu ndi asodzi ali pomwepo, ndipo pasapezeke mpanda wotseka doko lolembedwa.

Nafenso ophunzira tisangodandaula pa Facebook. Tikusaka mitu ya kafukufuku pa Google pamene agogo odziwa dzina la doko lililonse kuyambira Malombe mpaka Monkey Bay akutha mmodzimmodzi. Tengani foni, pitani mukawajambule akadali moyo. Ine ndayamba ndi doko la agogo anga, ngakhale ndinalijambulira pa mpata wa geti.