Mphesa Zikuthawa Dzuwa, Nanga Ife Tizibzale Kuno?

Anzathu ophunzira, mwezi watha m'kalasi mwathu kuno ku Josina Machel munabuka nkhani. Bambo wina anafika ndi timitengo ta mpesa m'thumba, nati akugulitsa. Anatiuza kuti mphesa ndi mbeu ya ndalama, popeza botolo limodzi la vinyo wa ku Portugal m'sitolo ndi lokwera mtengo zedi. Ena mwa ife anakopeka. Anati titenge ndalama za gulu, zimene tasonkha chaka chonse, tigule mbandezo ndi kukadzaza dimba lathu la kumtsinje wa Zambezi. Amayi ena achikulire, amene angophunzira kumene kulemba dzina lao, anangofunsa kuti, "Ana inu, mwaiwala Novembala wa kuno?"

Tinagwirizana kuti tiyambe tafufuza, pakuti safunsa anadya phula. Tafunsa ndipo tawerenga. Maganizo athu ndi awa: ndalama za gulu zisapite ku mphesa za vinyo. Tikupatsani zifukwa zake kuti nanunso muweruze.

Tiyambe ndi mtengo weniweniwo. Mpesa umakonda dzuwa, koma uli ndi malire ake. Umafuna miyezi yozizira kuti uyoyole masamba ndi kupuma. Pamene zipatso zikupsa, umafuna masana ofunda ndi usiku wozizirira. Kutentha kukapitirira madigiri 35, masamba amatseka timabowo take topumira, ndipo mtengo sumapanganso chakudya bwino. Kukafika pa madigiri 40, zipatso zimene zayang'ana kudzuwa zimawauka ndi kufota. Komanso mphesa za vinyo zimafunika kutsekemera ndi kuwawasa molingana. Kukatentha kwambiri shuga amakwera msanga, kuwawasa kumatha, ndipo vinyo wake amatuluka waukali koma wosakoma. Mvula nayo ikagwa pa zipatso zakupsa, zimang'aluka, zimagwira chuku, nkuwola.

Tsopano taonani kwathu kuno. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa, osafika ndi mamita 200 pamwamba pa nyanja ya mchere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Tonse timadziwa usiku uja timatulutsa mphasa panja chifukwa m'nyumba simugoneka. Juni ndi Julayi kumazizirako, koma sikokwanira kuti mpesa upume monga umachitira kumaiko a vinyo. Mvula yathu imadza kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi yotentha yomweyo. Chimene mpesa umaopa, kuno ndiye kwao.

Mwina wina anganene kuti ife tikungoopa chabe. Ndiye tamvani zimene zaonekera eni ake a mphesa. Pa 28 Juni 2019, kumwera kwa dziko la France kunatentha kufika madigiri 46, ndipo m'minda ina masamba ndi zipatso zinapsa tsiku limodzi ngati zadutsidwa ndi moto wa tchire. Ku Portugal, masiku otentha a mu Ogasiti 2018 anawaula mphesa zambiri zisanakololedwe. Ku South Africa, chilala cha zaka za 2015 mpaka 2018 chinatsala pang'ono kuumitsa mipope ya mzinda wa Cape Town, ndipo mu 2018 zokolola za mphesa za vinyo zinatsika ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Awa ndi alimi okhala ndi mathirakitala, madamu ndi akatswiri. Dzuwa silinawaope.

Nanga akuchita chiyani? Akusamuka ndipo akusintha mbeu. Ena akubzala kumapiri, chifukwa munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ena alowera kumaiko ozizira. Mu 2015 kampani ya Taittinger ya ku France inagula malo ku Kent, m'dziko la England, kumene kale anthu ankati nkozizira kwambiri kwa mphesa. Ku Bordeaux, kumene malamulo a vinyo ndi okhwima ndithu, mu 2021 analola alimi kuyesa mitundu yatsopano yopirira kutentha. Umodzi mwa mitunduyo ndi Touriga Nacional wochokera ku Portugal. Tsono taganizani. Eni ake akunyamula mpesa kuuthawitsa kudzuwa, ife nkumaunyamula kudza nao ku Tete, kuchimake kwa dzuwalo!

Tisabise, pali malo otentha kumene mphesa zimalimidwa. Ku Brazil, pafupi ndi mzinda wa Petrolina, m'mbali mwa mtsinje wa São Francisco, amakolola kawiri pa chaka. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, nakonso kuli minda ya mphesa ndi mafakitale a vinyo. Amene anatsutsana nafe m'kalasi sanalakwe kutchula zoterezi. Koma tiyang'ane bwino. Ku Petrolina kuli ngalande zazikulu, mipope yothirira tsinde lirilonse, akatswiri ofufuza mbeu ndi mosungira mozizira. Mlimi amadziwa tsiku lodulira nthambi ndi tsiku lochepetsera madzi kuti mtengo upume. Dodoma ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo usiku wake ndi wozizirako. Ife tili ndi mtsinje waukulu, inde, koma madzi timatunga ndi ndowa ndi makheni. Mpesa umatenga zaka zitatu usanabereke bwino, ndipo umafuna mitengo youchirikiza, waya ndi mankhwala. Zaka zitatuzo ana adya chiyani? Ndipo tikakolola, fakitale yogula mphesa zathu ili kuti?

Ngati m'chigawo chathu muli malo oti akatswiri angayesereko mbeu imeneyi, ndi kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano, kumene amalima mbatata ya kachewere, mapichesi ndi tirigu. Kumeneko anthu amafunda mabulangete pamene ife tikutuluka thukuta. Chigawo ndi chimodzi, koma nyengo ndi ziwiri. Mbeu imatsata nyengo ya malo, ndipo kufuna kwa mwini munda sikungasinthe zimenezo.

Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chili pamphuno pathu nchiyani? Ndi masau ndi malambe. Msau umabereka m'miyezi youma popanda woutsirira. Zipatso zake timadya zaziwisi, timayanika, timagulitsa pamsika, ena amatchezera kachasu. Mlambe umasunga madzi m'thunthu lake, ndipo ufa wa malambe lero umagulidwa mpaka ku Ulaya. Mbuzi zathu zimadya masau ndi malambe omwewo, ndipo nyama yake inatchuka kotero kuti dzina lakuti Cabrito de Tete linalembedwa m'kaundula wa boma kuti wina asalibe. Umu ndi mmene a ku Bordeaux amatetezera dzina la vinyo wao. Iwo amanyadira chimene nthaka yao imabereka, ndipo ifenso tili ndi chathu chonyadira. Chomvetsa chisoni nchakuti misau yomweyi tikuigwetsa kuti tiotche makala, kwinaku tikusirira mtengo wachilendo.

Kutentha kumene kukuvutitsa mphesa kutsidya kwa nyanja ndi komweko kumene kwatigwera ife. Tikukumbukira chilala cha 2016. Tikukumbukira 2024, pamene mvula inadula pakati pa dzinja ndipo chimanga chinauma chili ndi ngayaye. Tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè. M'zaka za chilala, amene anabzalako mapira ndi mchewere ndiwo anapeza kolowera, pakuti mbeu zimenezi zimapirira dzuwa kuposa chimanga. Phunziro la alimi a mphesa ndi lomweli: nyengo ikasintha, mlimi wanzeru amasinthanso mbeu.

Koma mungafunse kuti, kodi iwo anadziwa bwanji kuti nyengo yasinthadi? Apa ndiye pali nkhani yathu ya sukulu. Ku Beaune, m'dera la Burgundy ku France, anthu akhala akulemba tsiku loyamba kukolola mphesa kuyambira chaka cha 1354. Akatswiri atasonkhanitsa zolembazo anapeza kuti kuyambira 1988 kukolola kumayamba masiku 13 msanga poyerekeza ndi zaka mazana asanu ndi limodzi za m'mbuyo. Amene ankalemba masikuwo sanali kudziwa kuti adzathandiza adzukulu a adzukulu ao. Anangolemba tsiku, mwezi ndi chaka. Zimenezi ife tonse tikuzitha tsopano, ngakhale amene ayamba sukulu chaka chino.

Tsono tikupempha izi. Ndalama za gulu zigule mbeu ya mapira, mchewere ndi khobwe, ndipo zotsala tizisungire pampu yothirira dimba. Amene mtima wake uli pa mpesa, sitikumuletsa. Agule tsinde limodzi kapena awiri ndi ndalama zake, abzale pakhomo pamene dzuwa la madzulo silifika, aphimbire pansi ndi udzu, athirire m'mawa, ndipo atiuze zimene waona. Kuyesa pang'ono nkwabwino, chifukwa ukalephera sugona ndi njala. Banja lirilonse lisiye misau ndi milambe m'munda, ndipo liteteze timitengo tating'ono kwa mbuzi ndi kumoto.

Chomaliza, wophunzira aliyense apatule masamba anai kumapeto kwa kope lake. Alembemo tsiku limene mvula yoyamba yagwa, tsiku lobzala, masiku amene mvula yadula, tsiku limene masau ayamba kupsa, ndi madengu amene wakolola. Chaka chamawa tidzaika makope athu pamodzi ndi kuwerenga. Wogulitsa mbeu akadzabweranso ndi mau okoma, tidzatsegula kope ndi kumufunsa ngati mbeu yake ingapirire Novembala wathu.

Amayi aja amene anatifunsa funso loyamba alemba kale mzere wao. Zilembo zao ndi zokhota pang'ono, koma zikuwerengeka.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi mpesa umatani kutentha kukapitirira madigiri 35?
2. Tchulani njira ziwiri zimene alimi a mphesa akutsata pothawa kutentha.
3. Ndi mbeu ziti ndi mitengo iti ya kwanu imene inapirira chilala cha 2024?
4. Lembani m'kope mwanu tsiku, mwezi ndi chaka cha lero.