Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Mlandu wa ku Old Trafford

 Lero ngodya yathu ino ikamba za mpira wamiyendo. Tikudziwa kuti ena mwa amayi ndi abambo athu aona ngati tasowa chokamba, koma tikupemphani kuti mutilole, chifukwa nkhaniyi idalowa kale m'makomo mwathu. Ana athu amavala malaya a matimu a ku England, ndalama zathu zimapita ku matikiti ndi ku makanema oonetsa mpira, ndipo m'mabanja ambiri Loweruka madzulo mumakhala chisangalalo kapena tsinya malinga ndi zomwe zachitika pabwalo.

Timu ikayamba kugonja motsatizana, ochemerera amagawikana pawiri. Ena amati mphunzitsi achoke lero lomwe. Ena amati apatsidwe nthawi. Mkanganowu waphulika kambirimbiri pakati pa okonda Manchester United, timu yomwe ili ndi otsatira ochuluka pakati pathu, ndipo tikufuna tiuunike modekha monga amachitira akuluakulu pabwalo la milandu, kumva mbali zonse tisadagamule.

Tiyambe ndi mndandanda wake. Sir Alex Ferguson adapuma ntchito mu Meyi 2013 atatenga chikho cha ligi ka 13. Adalowa m'malo mwake ndi David Moyes, yemwe adasainitsidwa mgwirizano wa zaka 6 koma adachotsedwa mu Epulo 2014 chaka chisadathe. Louis van Gaal adatenga chikho cha FA mu Meyi 2016 ndipo patangopita masiku awiri adauzidwa kuti ntchito yatha. José Mourinho adabweretsa zikho ziwiri mu 2017, chimodzi mwa izo cha Europa League, koma adachotsedwa mu Disembala 2018. Ole Gunnar Solskjær, mwana wapakhomo, adachoka mu Novembala 2021 atagonja 4-1 kwa Watford. Erik ten Hag adachotsedwa mu Okutobala 2024. Ruben Amorim, yemwe adabwera mu Novembala chaka chomwecho kuchokera ku Sporting ya ku Portugal, naye adaona msana wa njira mu Januwale 2026. Amenewa ndi amuna asanu ndi mmodzi a maiko osiyana, a misinkhu yosiyana ndi a kaphunzitsidwe kosiyana, ndipo onse adatulukira khomo limodzi.

Amene amafuula kuti mphunzitsi achoke ali ndi mfundo zawo, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Mphunzitsi ndiye amasankha osewera 11, ndiye amakonza kaseweredwe, ndiye amasintha anthu masewero ali mkati, ndipo amalandira malipiro ochuluka chifukwa cha udindo umenewo. Pa nthawi ya Amorim, ambiri adadandaula kuti adakakamira njira yake yoika otchinga kumbuyo atatu ngakhale osewera omwe adawapeza sadali oyenerana nayo. Mu 2025 timuyi idathera pa nambala 15 ndi mapointi 42, kutsika komwe sikudaonekepo chitulukire mu ligi yaikulu mu 1974. Idagonjanso 1-0 kwa Tottenham mu ndime yomaliza ya Europa League ku Bilbao, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho idatulutsidwa m'chikho cha ligi ndi Grimsby Town, katimu ka mu ligi yachinayi. Munthu amene walipira tikiti ndi thukuta lake ali ndi ufulu wofunsa ngati wophunzitsayo akudziwa chimene akuchita. Anthu a mbali iyi amakumbutsanso za Chelsea ya m'masiku a Roman Abramovich, yomwe inkasintha aphunzitsi ngati malaya koma n'kumatengabe zikho. Roberto Di Matteo adapambana Champions League mu Meyi 2012, pofika Novembala adali atachotsedwa, koma timuyo sidagwe.

A mbali inayo amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo umboni wawo ndi Ferguson yemweyo. Iye adafika mu Novembala 1986 ndipo adatha zaka zoposa zitatu opanda chikho. Kumapeto kwa 1989 ochemerera ambiri ankafuna kuti achoke. Chigoli cha Mark Robins ku Nottingham Forest mu Januwale 1990 chidatsegula njira ya ku chikho cha FA cha chaka chimenecho, ndipo ligi adadzaitenga mu 1993. Akuluakulu a timu akadamvera phokoso la mu 1989, mbiri yonse imene timanyadira lero sikadakhalapo. Amatchulanso Mikel Arteta wa Arsenal, yemwe adathera pa nambala 8 mu 2020 ndi mu 2021, koma eni timu adamusunga mpaka adafika pa nambala 2 mu 2023.

Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Komabe ife tikuona kuti onsewa akulimbirana funso laling'ono, pamene funso lalikulu lakhala phee pambali. Kodi adasankha aphunzitsi onsewa ndani? Mlimi akagula ng'ombe zisanu ndi imodzi motsatizana, iliyonse n'kulephera kukoka ngolo, anthu a m'mudzi amasiya kunena ng'ombe. Amayamba kuyang'ana ngoloyo, goli lake, ndi maso a wogulayo.

Taonani nkhani ya Ten Hag. Mu Meyi 2024 timu idathera pa nambala 8, koma idagonjetsa Manchester City 2-1 ndi kutenga chikho cha FA. Akuluakulu adakhala masabata angapo akusinkhasinkha, kenaka mu Julayi adamuonjezera mgwirizano ndi kumugulira osewera a ndalama pafupifupi mapaundi 200 miliyoni. Pasadathe miyezi inayi adamuchotsa, ndipo timu idalipira mapaundi oposa 10 miliyoni kwa iye ndi omuthandiza ake. Dan Ashworth, yemwe adalembedwa mu Julayi 2024 kuti aziyang'anira nkhani zonse za mpira, adachoka mu Disembala atagwira ntchito miyezi isanu yokha. Ngati Ten Hag adali wolephera, n'chifukwa chiyani adamuonjezera mgwirizano? Ngati adali woyenera, n'chifukwa chiyani adamuchotsa msanga chotero? Yankho lililonse limene mungasankhe likuloza kumpando wapamwamba.

Muzu wa nkhaniyi uli mu 2005. Chaka chimenecho banja la Malcolm Glazer wa ku America, mwini wa Tampa Bay Buccaneers, lidagula timuyi pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 790 miliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazo lidali ngongole, ndipo ngongole yoposa mapaundi 500 miliyoni idasenzetsedwa timu yomwe idagulidwayo, imene kale idalibe ngongole yodetsa nkhawa. Zili ngati munthu wagula chigayo ndi ndalama zobwereka, n'kuuza chigayocho kuti chibweze chokha ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Kuyambira pamenepo, mapaundi mazanamazana a mamiliyoni omwe akadakonza bwalo ndi malo ophunzitsira adapita kwa obwereketsa ndalama. Ferguson adakali pampando, luso lake lidaphimba bala limeneli. Atachoka, chilonda chidaonekera poyera.

Chaka chomwe Ferguson adapuma, David Gill yemwe ankayendetsa timu adatulanso pansi udindo. Mphamvu zidapita kwa Ed Woodward, katswiri wa za mabanki yemwe adathandiza banja la Glazer pogula timuyi. Pa nkhani yokopa makampani otsatsa malonda adachita bwino ndithu, koma timu idakhala mpaka 2021 yopanda mkulu woona za mpira. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi aliyense ankabwera ndi maganizo ake, kugula osewera ake pa mitengo yokwera, ndipo akachotsedwa wotsatira ankapeza anthu osayenerana ndi njira yake. Timu idasanduka ngati nyumba yomangidwa ndi amisiri asanu ndi mmodzi, aliyense ndi pulani yake. Nalo bwalo la Old Trafford lidakalamba anthu akuona. Silidasankhidwe kukhala limodzi mwa mabwalo a mpikisano wa Euro 2028, ndipo mu Meyi 2024, pa masewero ndi Arsenal, dziko lonse lidaona madzi a mvula akukhuthuka kuchokera padenga. Palibe mphunzitsi amene ntchito yake ndi kufolera denga.

Mu Febuluwale 2024 Sir Jim Ratcliffe adagula gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo anayi a timuyi ndipo adapatsidwa mphamvu zoyendetsa za mpira. Ambiri adapumira m'mwamba. Koma chaka chomwecho antchito pafupifupi 250 adachotsedwa pofuna kuchepetsa ndalama zotuluka, ndipo matikiti otsala a masewero ena adakwezedwa kufika mapaundi 66 popanda kuchotserako ana kapena okalamba. Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya masewero chabe. Mphunzitsi akachotsedwa amapita ndi mamiliyoni m'thumba. Wantchito wamba wa mu ofesi kapena m'sitolo ya timu amapita ndi kalata, ndipo kunyumba kuli ana ndi lendi. Ambiri mwa ife amene tikugwira ntchito m'maiko a eni tikudziwa mmene zimakhalira pamene zolakwa zapangidwa m'chipinda chapamwamba koma wolipira n'kukhala wapansi. Nkhuyu zodya akulu zikupota ana, mwambi wautembenuza.

N'chifukwa chiyani nkhwangwa imagwera mphunzitsi nthawi zonse? Chifukwa ndiye wapafupi ndiponso wotchipa. Osewera 25 sungawachotse tsiku limodzi, pakuti ali ndi migwirizano ya zaka zambiri. Mwini timu sangadzichotse yekha. Mphunzitsi ndiye amaima pamaso pa atolankhani masewero asadayambe ndiponso atatha, pamene eni ake amatha zaka osayankha funso ndi limodzi lomwe pagulu. Kumuchotsa kumaziziritsa mkwiyo wa anthu kwa miyezi ingapo, kumabweretsa chiyembekezo chatsopano, ndipo matikiti amagulidwanso. Ife ochemerera tikamathera mphamvu zathu zonse pa dzina la mphunzitsi, timathandiza eni ake kubisala.

Sikuti okonda timuyi adangokhala manja lende. Mu 2005 ena adachoka n'kukayambitsa timu yawoyawo, FC United of Manchester, yomwe eni ake ndi mamembala. Mu 2010 anthu zikwizikwi adavala mipango yobiriwira ndi yachikasu, mitundu ya Newton Heath, dzina loyamba la timuyi, posonyeza kukana eni ake. Mu Epulo 2021 mkwiyo wa ochemerera m'dziko lonse la England udagwetsa chikonzero cha Super League m'masiku ochepa, ndipo Woodward adalengeza kuti atula pansi udindo. Mu Meyi chaka chomwecho anthu adalowa m'bwalo mpaka masewero ndi Liverpool adaimitsidwa. Vuto ndi lakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kunyanyala kugula matikiti kumapweteka timu yomwe ukuikondayo, ndipo mwini wake amadziwa bwino kuti chikondi chimenechi sichisamukira kwa mnansi.

Pali malo amene amachita mosiyana. Brighton idataya mphunzitsi wake Graham Potter, yemwe adapita ku Chelsea mu Seputembala 2022, koma chifukwa chakuti ndondomeko yogulira osewera idali m'manja mwa timu, Roberto De Zerbi adangopitiriza ndipo mu 2023 adathera pa nambala 6 ndi kulowa mpikisano wa ku Ulaya koyamba m'mbiri yawo. Ku Germany kuli lamulo lotchedwa 50+1, lomwe limaonetsetsa kuti m'matimu ambiri mavoti ochuluka akhale m'manja mwa mamembala, kotero kuti atsogoleri amayenera kuima pamsonkhano ndi kuyankha mafunso. Nako ku England, timu ya Bury itachotsedwa mu ligi mu 2019 chifukwa cha mavuto a ndalama, boma lidayamba kuunika kayendetsedwe ka mpira, ndipo mu 2025 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira eni matimu.

Kwathu nakonso nkhaniyi si yachilendo. Kinnah Phiri adapititsa Flames ku mpikisano wa Africa ku Angola mu 2010, komwe tidagonjetsa Algeria 3-0, koma mu 2013 adachotsedwa. Pambuyo pake aphunzitsi adasinthanasinthana pampandowo, pamene utsogoleri wa bungwe la FAM udakhala m'manja mwa Walter Nyamilandu kuyambira 2004 mpaka chisankho cha mu Disembala 2023. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kudali chisankho, ndipo tsiku lidafika loti ovota anene maganizo awo. Okonda Manchester United alibe voti yotere.

Choncho, abale athu, mkangano umenewu ukadzabukanso patebulo panu, pakuti udzabukanso ndithu, tikupemphani kuti muonjezere mafunso atatu. Adamulemba ntchito munthuyu ndani, ndipo adaona chiyani mwa iye? Adamupatsa zipangizo zoyenerana ndi ntchito imene adamulembera? Nanga iye akachoka, ndani wina amene ataye mpando chifukwa cha chisankho cholakwikacho? Mphunzitsi wolephera achoke ndithu, palibe amene adabadwira pampando. Koma makolo athu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu waukulu pa timu ndi uja umasaina migwirizano ndi kusunga thumba. Ana athu amene akukulira kuno akutimvetsera tikamakangana za mpira, ndipo n'kutheka kuti m'menemo ndi mmene akuphunzirira kuti mlandu umafunsidwa kwa yani. Tiwaphunzitse kuyang'ana m'mwamba.

Mpaka tidzakumanenso pa ngodya yomwe ino, tsalani bwino, ndipo matimu anu akuchitireni chifundo Loweruka likudzali.