Akale a mu AHL sakutsekereza munthu

Akonzi,

Amene analemba kuti matimu a hockey ya pa ayezi azitaya osewera akale a m'ligi yaing'ono ya AHL, ati poti akutsekereza achinyamata, sanawerenge malamulo a ligiyo. Mwa osewera 18 amene timu imalowetsa, kupatula magoloboyi, ambiri amayenera kukhala oti sanasewerebe masewero ambiri aukatswiri. Akalewo malo awo ndi ochepa basi. Ndiye akutsekereza ndani?

Za ndalama nazonso sanaziganizire. Mu 2024-25 timu ya m'ligi yaikulu ya NHL sinkaloledwa kupyola madola 88 miliyoni pa malipiro, pomwe malipiro otsikitsitsa anali madola 775,000. Wakale wa kontirakiti ya mbali ziwiri amalandira malipiro a NHL pokhapokha akamuitana ku NHL. Akakhala ku AHL amalandira zochepa. Wotchinga kumbuyo akavulala pakati pa sizoni, mumaitana munthu woidziwa kale ntchito, osati mnyamata wa zaka 20 woti akaphonya kamodzi mtima wathawa.

Taonani Dylan McIlrath. Anatsogolera Hershey Bears kutenga chikho cha AHL cha Calder Cup mu 2023 ndi 2024, ndipo a Washington Capitals a ku NHL atasowa otchinga anamupeza ali chile, pa mtengo wotsika. Ameneyunso akanamutaya?

Wowerenga wanu