Ndani amalankhulira zipatala zazing'ono pa tebulo la ndalama?

Anzanga a kuno kunyanja, tiyeni tikambeko za mgwirizano umene ambirife sitiudziwa, koma umakhudza mayi aliyense woyembekezera.

Kuyambira 2006, boma limasainirana mapangano otchedwa SLA ndi zipatala za mishoni za pansi pa CHAM. Mfundo yake ndi yoti kumene chipatala cha boma chili kutali, amayi apakati ndi makanda azithandizidwa mwaulere pa chipatala cha mishoni, boma nkumalipira pambuyo. Kuno ku Mangochi zipatala za mishoni ngati St Martin's ku Malindi, Koche, Mulibwanji ndi Nkope ndi zimene zili pafupi ndi anthu ambiri. Ganizirani munthu wa ku Malindi kuti apeze thiransipoti yopita ku boma usiku, matenda atayamba.

Funso langa nali: mitengo ya chithandizo ikamakambidwa ku Lilongwe pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi likulu la CHAM, mawu a kachipatala ka kumudzi amafikako? CHAM, yomwe inayamba mu 1966, imaimira zipatala zikuluzikulu ndi zazing'ono zomwe. Koma mavuto awo ndi osiyana. Chachikulu chikhoza kupirira ndalama zikachedwa. Chaching'ono chikangosowa magolovesi ndi mafuta a ambulansi, basi zinthu zaima.

Nanga mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mankhwala anakwera nthawi yomweyo, pomwe mtengo wolembedwa pa pepala sudzisintha wokha. Kusiyanako amakusenza ndani? Ndi nesi amene akuyang'anizana ndi wodwala, komanso mayi amene akuuzidwa kuti akagule yekha.

Ine sindikuti CHAM ichoke pa tebulo, ayi. Popanda iyo kachipatala kalikonse kakanamapempha pakokha. Koma ndikuona kuti oyang'anira zipatala zazing'ono azikhala nawo pa zokambiranazo, ndipo makomiti a anthu a m'midzi oyang'anira zipatala aziuzidwa zimene zasainidwa. Khonsolo ya Mangochi nayo izimata poyera mndandanda wa zipatala zomwe zili ndi SLA ndi chithandizo chimene chili chaulere.

Inuyo mukakumana ndi khansala wanu, mufunseni: chipatala chathu chili pa SLA? Ngongole ya boma inalipidwa liti? Mwana wosalira amafera m'chibereko, abale.