Nyumba ya alendo imangidwe, koma nthaka siigulidwa

Munthu amene ali ndi kandalama akayang'ana pamene boma la Mecanhelas lili, mtima ukhoza kumuthamanga. Kumadzulo kuli nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi, ndipo patsogolo pake pali Liwonde, kumene kuli malo osungirako nyama okhala ndi njovu, mvuu ndi zipembere. Malowa akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2018 anabwezeretsamo mikango. Ndiye mwana wa kuno amene ali pa ntchito ku Joni kapena ku Nampula, kapenanso mlendo wakutali, angaganize kuti: ndigule malo m'mbali mwa nyanja, ndimange tinyumba togonamo alendo odzaona nyama ndi mbalame.

Maganizo a tinyumbawo si oipa. Choipa chili pa mawu akuti "ndigule malo". Kuno ku Mozambique nthaka siigulidwa ndipo siigulitsidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 109, amati nthaka ndi ya Boma, ndipo siingagulitsidwe kapena kuikidwa chikole. Lamulo la Nthaka, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, limabwereza zomwezo. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo ndi kupindula nayo, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT.

Ambiri m'midzi mwathu sadziwa kuti ufuluwu ali nawo kale. Amene akukhala pa malo motsata mwambo wa makolo ali ndi DUAT, ngakhale alibe pepala. Nzika imene yalima malo mosabisa ndi mopanda chinyengo kwa zaka 10 nayonso ili nayo. Pakabuka mkangano, umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amayi ndi abambo, umalandiridwa. Choncho wobwera ndi galimoto ndi chikwama cha mapepala sakuposani pa munda wanu.

Wofuna kumanga nyumba za alendo ali ndi njira yake. Apemphe malowo ku Boma, afotokoze chimene akufuna kuchitapo, ndipo anthu a m'deralo afunsidwe. Ngati ndi wakunja, ayenera kukhala atakhala m'dziko muno zaka zosachepera 5, komanso ntchito yakeyo ikhale yovomerezedwa. Chilolezo choyamba ndi chongoyembekezera: zaka 5 kwa nzika, zaka 2 kwa wakunja. Akapanda kuchita zimene analonjeza, chikhoza kulandidwa. DUAT ya bizinesi imafika zaka 50, ndipo ikhoza kuwonjezeredwa. Ngati akufuna nyumba yomangidwa kale, nyumbayo ikhoza kugulidwa, koma m'midzi pamafunika kalata yolembedwa mwalamulo ndi chilolezo cha Boma.

Pali chinanso chimene chikutikhudza ife a m'malire kuposa ena. Lamuloli linapatula malo ena kuti akhale otetezedwa: makilomita 2 kuchokera pa malire a dziko, ndi mamita 50 mbali zonse ziwiri za njanji. M'malo amenewa DUAT siiperekedwa. Pamangoperekedwa chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Tsono taganizani, malo amene wogula angawasirire kwambiri ndi omwewo a kufupi ndi malire ndi njanji. Kapepala kolembedwa pansi pa mtengo wa mango, kokhala ndi chidindo cha mfumu, sikangamupulumutse. Ndalama zake zikhoza kulowa m'madzi, ndipo amene anamugulitsa adzakhala atadya kale.

Koma wotaya kwambiri ndi mudzi. Pagombe pamene mlendo akuona kuti m'pokongola m'pamene asodzi amakocheza mabwato, amayi amayanika matemba, ng'ombe zimamwera madzi. Dambo limene likuoneka lopanda mwini ndilo munda wa mpunga. Mpanda ukazungulira, njira yopita ku nyanja imatsekeka, ndipo mametikali amene banja limodzi linalandira sangatsegule njirayo.

N'chifukwa chake msonkhano wofunsa anthu, umene timautcha konsuta, suli mwambo wongodyera mpunga ndi nyama. Zokambirana zimalembedwa mu akita, ndipo amasainira ndi oimira mudzi. Ife amene timaphunzitsa aphunzitsi a sukulu za kwacha timadziwa pamene pagona vuto. Pepalalo limalembedwa m'Chipwitikizi, pamene ambiri a kuno amaganiza ndi kukambirana m'Chinyanja, m'Chimakuwa kapena m'Chiyao. Chala chodinda inki sichiwerenga. Musanadinde, pemphani munthu wanu amene mumamukhulupirira awerenge mokweza ndi kumasulira mzere uliwonse. Funsani kuti malire ayambira pati n'kuthera pati, ndipo muwayende ndi mapazi. Njira ya ku nyanja, manda, chitsime ndi dooko la asodzi zitchulidwe ndi mayina. Lonjezo la ntchito kapena mjigo lilembedwe ndi nambala ndi tsiku. Amayi asakhale kumbuyo, pakuti lamulo limawapatsa ufulu wofanana ndi wa abambo pa nthaka. Pomaliza, kope limodzi litsale m'mudzi. Safunsa anadya phula.

Ena anena kuti zonsezi zithamangitsa anthu a ndalama, pamene achinyamata athu ali pa ulova. Ine ndikuona kuti amene amathawa mafunso ndi amene akanatipweteka. Wofuna bizinesi yeniyeni amafuna pepala lolimba ndi anansi omukonda, chifukwa iwo ndi amene adzamugulitsa nsomba, kumulondera usiku ndi kuperekeza alendo ake pa bwato.

Nayenso wogula awerengere bwino. Alendo odzaona nyama amachuluka m'chilimwe. M'dzinja misewu yadothi imavuta. Malo a nyamawo ali kutsidya kwa malire, m'dziko lina. Chilwa ndi nyanja yosazama, ndipo inaumiratu mu 1995. Amene amanga podalira madzi okha angadzuke tsiku lina khonde lake likuyang'ana matope.

Alendo abwere, tinyumba timangidwe, ana athu apeze ntchito. Koma wina akadzafika pakhomo panu n'kufunsa mtengo wa malo, mpatseni mpando, mumuuze kuti nkhani yotere imayambira kwa mfumu ndi ku ofesi ya boma ku Insaca, pamaso pa mudzi wonse.